Consultant abwere, kapena tichite tokha?

Amene amawerenga The Nation kapena The Daily Times mpaka kufika kumasamba a malonda amazidziwa zidziwitso zimenezi. Bungwe lina likufuna munthu woti adzaunike mmene pulojekiti yake ya zaka zitatu yayendera. Lina likufuna woti alilembere ndondomeko ya zaka zisanu zikubwerazi. Lina likufuna wochita kafukufuku m'maboma anayi, koma akhale ndi digiri yachiwiri, akhale woti wagwirapo ntchito yotere kwa zaka 10, ndipo zonse azimalize m'masiku 30. M'maofesi a mabungwe omwe si aboma, kaya ku Area 47 ku Lilongwe kaya ku Namiwawa ku Blantyre, munthu ameneyu amangomuti consultant: katswiri wobwereka, wolipidwa pa tsiku, yemwe amabwera, kufunsa mafunso, kusiya lipoti, n'kumapita.

Kwa zaka zambiri panalibe wodzivuta kufunsa ngati munthuyu akufunikadi. Ndalama yake inkakhala ili kale mu bajeti, pamzere wakewake, ndipo chaka chikatha isanagwire ntchito inkabwerera kwa eni ake. Ndani akanalola ndalama kubwerera? Koma nyengo ija yapita. Pa 20 Januwale 2025 Donald Trump analamula kuti thandizo la dziko la America kumayiko ena liyambe laima kwa masiku 90. Pofika Malichi, nduna yake yoona zakunja, Marco Rubio, inalengeza kuti mapulogalamu 83 pa 100 alionse a USAID athetsedwa, ndipo pa 1 Julayi bungwelo linasiya kugwira ntchito palokha. Dziko la Britain nalo linali litanena kale mu Febuluwale kuti lichepetsa thandizo lake pofika 2027. Kuno kwathu, komwe America inkapereka madola oposa 350 miliyoni pa chaka, mabungwe anatumiza antchito kunyumba, galimoto zinaimikidwa, maofesi a m'maboma anatsekedwa.

Mkulu wa bungwe amene watsala ndi antchito asanu ndi mmodzi pomwe anali nawo 20 ndiye akulimbana ndi funsoli tsopano. Bodi ikumuuza kuti apeze katswiri wowathandiza kusaka ndalama. Wosunga chuma akumuuza kuti malipiro a katswiriyo a mwezi umodzi akhoza kusunga wantchito wa m'midzi kwa miyezi ingapo. Onse awiri sakunama.

Mmene ndikuonera ine, pali zinthu ziwiri zomwe bungwe lingagule kwa munthu wakunja ndalama yake osapita m'madzi. China ndi maso opanda mbali. China ndi luso lomwe limafunika kamodzi pakapita nthawi yaitali. Kunja kwa ziwirizi, kawirikawiri bungwe limakhala likulipira munthu kuti aliganizire, kapena kuti alinenere mawu omwe eni ake akuopa kutulutsa pakamwa.

Maso opanda mbali

Pa nkhani ya ndalama palibe chokambirana. Lamulo loyendetsera mabungwe omwe si aboma, lomwe linasinthidwa mu 2022 n'kukhazikitsa bungwe la NGORA m'malo mwa NGO Board, limafuna kuti chaka chilichonse bungwe lipereke malipoti a zachuma ounikidwa ndi odita. Odita sangakhale wa m'nyumba momwemo. Amalawi tinaphunzira zimenezi mowawa mu 2013, pomwe kuwomberedwa kwa Paul Mphwiyo, mkulu woona za bajeti ku unduna wa zachuma, kunavundukula Cashgate. Panalibe amene akanakhulupirira kuti a ku Capital Hill adzifufuza okha. Kunabwera kampani ya ku Britain ya Baker Tilly, ndipo ndalama zoilipira zinachokera ku boma la Britain. Ija inali nkhani ya boma, koma mfundo yake ndi yomweyo pa bungwe la antchito khumi: ndalama ikasowa, kapena wantchito akadandaula kuti bwana wamuchita nkhanza kapena kumugwiririra, wofufuza achokere kunja.

Pomwe pamavuta ndi pa kawuniwuni wa ntchito yeniyeniyo, ndipo apa nkhani ya PlayPump ndi yoyenera kuikumbukira. Unali mjigo wopangidwa ngati katungwe wozungulira, wochokera ku South Africa. Ganizo lake linali lokoma kumva: ana akusewera, madzi akukwera mu thanki, ndipo zikwangwani zamalonda zomatidwa pa thankiyo zikubweretsa ndalama zokonzetsera mjigo ukawonongeka. Banki Yaikulu Padziko Lonse inaupatsa mphotho mu 2000. Mu 2006 Laura Bush, mkazi wa mtsogoleri wa America pa nthawiyo, analengeza thandizo la madola 16.4 miliyoni lochokera ku boma la America ndi mabungwe ena monga Case Foundation. Mijigoyi inafika ku Mozambique, ku Zambia ndi kuno ku Malawi, ndipo malo ena inazulitsa mijigo ya Afridev yomwe inkagwira ntchito bwinobwino.

Alendo akafika pamudzi ndi makamera, ana ankathamangira pa katungwe paja. Alendo akachoka, ana ankatopa n'kupita kosewera kwina, ndipo amene ankatsala akukankha chitsulocho ndi manja anali amayi, ena okalamba, ena oyembekezera. Ukawonongeka, anthu a m'mudzi sakanatha kuukonza okha monga amachitira ndi Afridev, yomwe zipangizo zake zimapezeka pa msika wa pa boma. Mtengo wa PlayPump imodzi unali pafupifupi madola 14,000, ndalama yokwanira mijigo wamba ingapo. Amene analemba zimenezi mosabisa anali anthu obwera: a UNICEF mu 2007, akatswiri a ku Switzerland a SKAT omwe anayendera mijigoyi ku Mozambique mu 2008, komanso mainjiniya achinyamata a Engineers Without Borders a ku Canada omwe ankagwira ntchito kuno. Pofika 2010 bungwe la PlayPumps International linatseka, mijigo yotsala n'kuipereka ku Water For People.

Kodi antchito a m'midzi sankaona amayi akukankha katungwe? Ankaona ndithu. Koma munthu amene malipiro ake akuchokera ku pulojekiti sathamangira kulemba kuti pulojekitiyo yalephera. Apa ndi pamene wakunja amakhala ndi phindu lenileni.

Komabe tisadzinamize kuti aliyense wochokera kunja kwa ofesi alibe mbali. Amene amasankha consultant wodzaunika pulojekiti nthawi zambiri ndi mkulu yemweyo amene pulojekiti yake ikuunikidwa. Ndiye amasainira cheke, ndipo ndiye adzaitanenso munthu chaka chamawa. Dziko lathu ndi laling'ono. Odziwa ntchito imeneyi anaphunzira limodzi ku Chancellor College kapena ku Bunda, amakumana pa maliro ndi pa maukwati. Lipoti loyamba likafika, pamakhala msonkhano woti onse alivomereze, ndipo pamenepo ndi pamene mawu akuti "pulojekiti sinakwaniritse cholinga chake" amasanduka "panali zovuta zina zomwe tatengapo phunziro". Ngakhale lipoti loyamba la Baker Tilly lomwe linatuluka mu Febuluwale 2014 linabwera lopanda mayina, anthu n'kumafunsa kuti nanga akubawo ndani. Wofufuza amafika pomwe omutuma amulola kufika. N'chifukwa chake bungwe lomwe likufunadi kumva zoona liyenera kusiya ntchito yosankha wounika m'manja mwa bodi, ndipo lipoti lifike ku bodiko lisanadutse pa tebulo la mkulu. Bodi ikakhala yodzaza ndi anzake ndi achibale a amene anayambitsa bungwe, ndiye kuti vuto ndi lina, ndipo palibe consultant angalithetse.

Luso lobwera kamodzi

Mbali iyi ndi yosavuta. Bungwe lomwe likufuna kukumba mijigo isanu ku Chikwawa kapena ku Nsanje, komwe madzi a pansi malo ambiri ndi amchere, silingalembe ntchito katswiri wa madzi a pansi pa nthaka kwa chaka chonse, koma kukumba popanda iye n'kutaya ndalama m'dzenje. Bungwe lomwe likuchepetsa antchito chifukwa thandizo latha liyenera kulipira loya masiku awiri kapena atatu kuti liwerengere bwino ndalama za chipukutamisozi ndi za penshoni monga malamulo a ntchito akunenera. Kupanda apo lidzakhalira kuyenda ku khoti la Industrial Relations zaka zikubwerazi. Kuika pulogalamu yatsopano yowerengetsera ndalama pa kompyuta, kapena kusankha mabanja oti afunsidwe pa kafukufuku kuti zotsatira zikhale zodalirika, ndi ntchito zoterezi. Zili ndi poyambira ndi pothera, ndipo zikatha aliyense amatha kuona ngati zachitika bwino kapena ayi.

Ndondomeko yolembedwa ndi mlendo

Pomwe ndalama zambiri zimathera pachabe ndi pa ndondomeko ya zaka zisanu ija. Kachitidwe kake n'kodziwika. Consultant amapatsidwa mulu wa malipoti akale kuti awerenge. Amacheza ndi mkulu, ndi wapampando wa bodi, ndi a donor awiri. Kenako onse amanyamuka ulendo wa ku Salima kapena ku Mangochi, masiku atatu m'mphepete mwa nyanja, mapepala akuluakulu atamatidwa khoma lonse. Pakatha milungu ingapo kumabwera buku lokongola, la Chingerezi chosalala, lokhala ndi masomphenya, zolinga ndi mabokosi. Limasindikizidwa, limakhazikitsidwa pa mwambo, kenako limakagona pa shelefu mpaka donor wina adzalifunse. Mukafunsa wantchito wa ku Ntchisi kapena ku Phalombe kuti m'bukumo muli chiyani, amaseka.

Ann Swidler ndi Susan Cotts Watkins, omwe kwa zaka zambiri anafufuza mmene thandizo la Edzi linkayendera kuno ku Malawi, anaonetsa m'buku lawo la 2017, A Fraught Embrace, kuti pakati pa opereka ndalama kutali ndi anthu a m'midzi pali gulu la anthu apakati, ndipo chinthu chomwe onse amagwirizanapo msanga ndi maphunziro, misonkhano ndi malipoti. Wopereka ndalama amapeza choti awerenge, wophunzira amapeza kachakudya ndi alawansi, wapakati amapeza ntchito. Ndondomeko yogula ndi mwana wa m'banja lomweli. Palibe amene waba, ma risiti onse alipo, koma m'mudzi simunasinthe kanthu.

Vuto lake si lakuti consultant ndi wosadziwa. Ambiri ndi anthu anzeru, ena anayendetsapo mabungwe akuluakulu. Vuto ndi lakuti phindu la ndondomeko lili mu mkangano womwe anthu amakhala nawo poilemba. Tisiye ntchito ya ulimi kuti tilimbike pa maphunziro a atsikana? Tichoke m'boma lino komwe takhala zaka 12? Amene anayambitsa bungweli akhalabe mkulu mpaka liti? Mafunso amenewa amapweteka, ndipo anthu akapanda kukangana nawo okha, yankho lililonse lolembedwa silikhala lawo. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma omwewo anatinso mlendo ndi mame. Akhoza kumeta pomwe eni mudzi amalephera, koma dzuwa likakwera sakhalapo kuti ayankhe mafunso.

Pali kagwiritsidwe kena ka consultant komwe sikalembedwa mu chidziwitso cha mu nyuzipepala. Mkulu amadziwa kale kuti akufuna kuchotsa wakutiwakuti, kapena kutseka ofesi ya ku Mzuzu, koma safuna kuti mlandu ukhale wake. Ndiye amaitana munthu woti "adzaunike kayendetsedwe ka bungwe", ndipo pakatha masiku 20 lipoti limanena zomwe mkuluyo ankafuna. Antchito si ana. Amazindikira tsiku loyamba lomwelo, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wobwera ndi kope ndi cholembera amamuyankha mochenjera.

Sindikunena kuti pa zokambirana zotere wakunja alibe malo. Kwathu kuno wamng'ono satsutsa bwana pagulu. Mtsikana amene wangoyamba ntchito, yemwe amakhala ndi alimi tsiku lililonse ndipo akudziwa chifukwa chake magulu a banki mkhonde akuphwasuka, sangakweze dzanja pamene mkulu wa bungwe ndiye akutsogolera msonkhano. Munthu wakunja wodziwa kuyendetsa zokambirana akhoza kugawa anthu m'timagulu, kufunsa aliyense payekha, n'kubweretsa pabwalo mawu omwe akanafera m'khonde. Ntchito imeneyi ndi ya masiku awiri kapena atatu. Iye ayendetse msonkhano, koma cholembera chikhale m'manja mwa eni bungwe, ngakhale Chingerezi chake chituluke chokhotakhota.

Wosaka ndalama wa pa peresenti

Chiimitsireni thandizo la America, kwachuluka anthu odzitcha akatswiri olemba ma proposal, ndipo ena amabwera ndi mawu okoma kwa bungwe lomwe lilibe kanthu m'thumba: musandilipire pano, mudzandipatse gawo lakutilakuti pa 100 ndalama ikatuluka. Zimamveka ngati chifundo. Koma a donor ambiri salola kuti ndalama ya pulojekiti ilipire ntchito yomwe inachitika mgwirizano usanasainidwe. Ndiye gawo lija lidzachokera kuti? Lidzabisidwa m'mizere ina ya bajeti, mwina pa mafuta, mwina pa msonkhano womwe sunachitike, ndipo tsiku lomwe odita adzalipeze, mlandu udzakhala wa mkulu ndi wosunga chuma, osati wa wolemba uja. Bungwe la akatswiri osaka ndalama za mabungwe la Association of Fundraising Professionals limaletsa mamembala ake kulandira malipiro a pa peresenti, ndipo chifukwa chake n'chomveka: munthu wolipidwa motero amalonjeza chilichonse chomwe chingakope ndalama. Adzalemba kuti mufikira atsikana zikwizikwi m'maboma momwe mulibemo ngakhale njinga yamoto. Iye adzalandira zake, inu mudzatsala ndi malonjezo.

Ngati bungwe lilibedi munthu wodziwa kulemba, ndi bwino kulipira katswiri pa tsiku kuchokera ku ndalama za bungwe lenilenilo, ndipo akhale pansi ndi wantchito mmodzi kapena awiri, alembe nawo limodzi. Zimachedwa, ndipo akatswiri ena safuna, chifukwa akudziwa kuti ulendo wachitatu sadzaitanidwanso.

Apa pali chodabwitsa china. Mu 2016, pa msonkhano wa ku Istanbul, opereka thandizo akuluakulu anagwirizana mu Grand Bargain kuti pofika 2020 gawo la 25 pa 100 la thandizo la pa ngozi lizipita mwachindunji kwa mabungwe a m'mayiko momwemo. Lonjezolo silinakwaniritsidwe, koma linabweretsa ntchito yambiri ya mapepala. Bungwe laling'ono lisanalandire kanthu limafunsidwa ndondomeko yogulira katundu, yoteteza ana, yothana ndi katangale, yosungira zinsinsi za anthu, ndi zina zotero. Nalo limathamangira kwa consultant, yemwe nthawi zina amangotenga ya bungwe lina n'kusintha dzina. Ngati n'choncho, bwanji osapita nokha kwa bungwe linzanu, mamembala anzanu a CONGOMA, kukabwereka yawo, n'kukhala pansi masana amodzi kuisintha kuti igwirizane ndi mmene mumagwirira ntchito? Mwina antchito akhozanso kuiwerenga.

Mtengo womwe suoneka pa invoisi

Malipiro a pa tsiku ndi chiyambi chabe. Consultant amafuna galimoto ndi dalaivala, m'dziko momwe mafuta amatha kusowa kwa milungu. Amafuna wantchito womuperekeza kwa a DC, kwa mfumu, ku komiti ya chitukuko cha dera ya ADC, ndipo masiku amenewo ntchito ya wantchitoyo imaima. Pali msonkho womwe bungwe liyenera kudula n'kupereka ku MRA, womwe ukapanda kukambidwa poyamba umadzetsa mkangano pomaliza. Akakhala wochokera kunja kwa dziko amafuna madola, ndipo amene anasaina mgwirizano wotero kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akukumbukira mmene bajeti inang'ambikira usiku umodzi.

Za kusiyana kwa malipiro pakati pa wakunja ndi wa konkuno zimawawa, ndipo si nkhani ya m'maganizo chabe. Kafukufuku wa ADDUP, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2010 ndipo anachitika m'mayiko asanu ndi limodzi kuphatikizapo Malawi, anapeza kuti antchito ochokera kunja ankalandira pafupifupi kanayi kuposa anzawo a m'dzikomo a maphunziro ndi ntchito zofanana. Nthawi zambiri wochokera ku London kapena ku Nairobi amakhala sabata imodzi, ndipo amene amapitadi kumudzi, kumasulira ndi kulemba zoyamba ndi Mmalawi yemwe dzina lake limalembedwa lachiwiri. Pali ntchito zina zomwe luso lake kuno kulibedi. Koma musanagule tikiti ya ndege, yambani mwafunsa ku Centre for Social Research ku Zomba, yomwe yakhala ikuchita kafukufuku wotere kuyambira 1979, kapena ku LUANAR. Yang'ananinso zomwe a National Statistical Office anasonkhanitsa kale pa kalembera wa 2018 ndi pa kafukufuku wa m'mabanja. Mafunso ambiri omwe timalipira anthu kuti akafunse ali ndi mayankho kale ku Zomba, aulere.

Ndipo pali mtengo womwe amalipira anthu osakhala nawo pa mgwirizano. Mayi wa ku Balaka amene wasiya khasu kuti ayankhe, kachisanu m'zaka zitatu, kuti amadya kangati pa tsiku ndipo denga la nyumba yake ndi la udzu kapena la malata, salandira lipoti lililonse. Crystal Biruk, m'buku lake la 2018 lotchedwa Cooking Data, anafotokoza za kafukufuku wa m'midzi ya kuno, momwe oyankha ankapatsidwa sopo ngati zikomo, ndi mantha omwe akuluakulu a kafukufuku amakhala nawo akuti achinyamata otumidwa kukafunsa akhoza kungodzaza okha mapepala. Masiku ano kwabwera chiyeso china. Mu 2025 kampani ya Deloitte ku Australia inavomera kubweza gawo la ndalama ku boma la dzikolo, zitapezeka kuti lipoti lake linatchula mabuku omwe kulibe, ndipo polemba anagwiritsako ntchito luso la makompyuta la AI. Ngati zinachitika pa kampani yaikulu chotero, kabungwe ka ku Mchinji kasamangolandira masamba 60 a Chingerezi chokoma n'kusaina cheke.

Chidziwitso chisanapite ku nyuzipepala

Mkulu ayesere kulemba, pa tsamba limodzi, m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, funso lomwe akufuna kuti liyankhidwe ndi chiganizo chomwe bungwe lidzapange yankho likabwera. Akalephera, ndiye kuti nthawi yoitana munthu sinakwane. Katswiri adzabwera ndi funso lake, lomwe anayankha kale kwina. Tsambalo aliwerengere antchito onse, dalaivala ndi wa pa risepushoni omwe. Si kamodzi pomwe zimapezeka kuti yankho lili m'chipinda momwemo, kungoti palibe amene anafunsapo.

Zikaoneka kuti wakunja akufunikadi, ma ToR, pepala lofotokoza ntchito yomwe adzagwire, alembe eni bungwe, osati consultant yemweyo, monga zimachitikira pamene ntchito inalonjezedwa kale kwa mnzawo ndipo chidziwitso changokhala chophimba m'maso. Muimbireni foni munthu amene anagwira naye ntchito komaliza, osati amene iye wamutchula yekha. Funsani kuti ali ndi ntchito zingati mwezi womwewo, chifukwa pali ena amatenga zinayi nthawi imodzi n'kutuma ophunzira awo. Mu mgwirizano mulembe dzina la amene adzapite kumudzi, dzina la wantchito wanu amene adzayende naye kuyambira tsiku loyamba, komanso kuti mapepala onse a mayankho ndi zojambulidwa ndi katundu wa bungwe. Gawo lomaliza la malipiro lisatuluke kufikira zinthu zimenezo zitaperekedwa, ndiponso kufikira katswiriyo ataimirira pamaso pa komiti ya ADC ya dera lomwe anafunsako mafunso, n'kufotokoza zomwe wapeza m'chilankhulo cha anthuwo. Ena akamva zimenezi amakweza mtengo, ena sayankhanso foni. Amene watsalayo ndiye mukambirane naye za masiku ndi msonkho.